Therere Louma la Adona

Lolemba

Ndaona chozizwitsa: therere losaterera! Adona, akazi a bwana wanga Mmwenye wa sitolo ya nsalu ku Limbe, andigawirako pa nkhomaliro. Louma, lobiriwira, lonunkhira mpaka m'makutu. Ukanyamula limodzi silikoka linzake. Dipuloma yanga yonse ija, palibe mphunzitsi anandiuzapo kuti therere limatha kuima palokha.

Adona akuti: "Mphindi khumi basi. Madzi ayi, chivundikiro ayi."

Zofunika: therere, anyezi, mafuta, ufa wachikasu, tsabola, ndi tinjere tina totchedwa jira.

Loweruka apongozi akubwera kuchokera ku Nsanje, omwe aja anati ng'ombe zawo zinalowola mabuku, osati mkazi. Adzaona!

Lachiwiri

Ndaimbira foni amuna anga, bambo a Tadala, kuti agule jira. Abwera ndi thireyi yathunthu ya mazira, nkhope ikuwala.

"Munati dzira. Ndaona kuti limodzi silingakwane."

Munthu ameneyu amaphunzitsa ana a eni ku sekondale.

Lachitatu

Jira ndagula ndekha, therere mumsika wa Ndirande. Adona akuti liume kaye, ndiye ndili pakhonde kulipukuta limodzilimodzi ndi kansalu. Anachisale, aneba athu, akusuzumira pampanda:

"Aneba, kodi likupita ku ubatizo?"

Mafuta atentha, ndaponyamo jira. Mayi ine! Tinjere tikuthetheka, fungo likutuluka pakhomo, kudumpha ngalande, ndikukhulupirira lafika pasiteji ya minibasi. Ndaima chotsinzina ngati ndili pa Misa. Potsegula maso, zonse zili bii. Za mphindi khumi zija zapserera m'mphindi ziwiri.

Ndiwo: mazira.

Lachinayi

Magetsi azima therere lili pakati. Mbaula: makala onyowa, kukupiza, utsi, misozi. Therere ladikira mpaka latuluka thukuta, ndipo thukuta la therere tonse timalidziwa. Laterera.

Ndiwo: mazira.

Lachisanu

Latheka! Latheka! Ndikulibaya ndi foloko, likubwera lokhalokha ngati munthu wopanda abale. Ndatsala pang'ono kugwada. Amene anatulukira zimenezi anakhala pansi ndi therere mpaka anamvana nalo.

Bambo a Tadala alawa, atafuna, ayang'ana pansi pa mbale.

"Lakoma ndithu. Nanga msuzi watayikira kuti?"

Adzikazingira dzira. Woweruza wanga akubwera mawa.

Loweruka

Apongozi afika ndi milamba youma ndi mafunso. Ndapukuta, ndadula, jira wathetheka bwino, therere lalowa m'chiwaya. Anachisale akukuwa kuti madzi abwera pampopi, patatha masiku atatu. Ndathamanga ndi ndowa. Sindinachedwe, Mulungu mboni!

Pobwera ndapeza apongozi ali pahotipuleti, chitenje chomangidwa m'chiuno, mthiko m'manja. M'chiwaya changa muli:

madzi,
tomato,
soda.

Chivundikiro chakhala pamwamba ngati chisoti.

"Mwana wanga, uthokoze ndafika. Unaiwala madzi. Likanapserera."

Avundukula. Lachikasu, lathovu, likununkhira Limbe yense, likutamuka kuchoka m'mbale mpaka kukamwa osaduka. Chinthu chotere sichinaonekepo, ku India kapena ku Nsanje.

Choopsa n'chakuti ndi chokoma. Ine ndemwe ndawonjezera. Bambo a Tadala apeza msuzi wawo, akunyambita mpaka chigongono. Apongozi akuti: "Takhuta." Pa Chisena ndi zikomo, lero matanthauzo onse awiri agwira ntchito.

Lamulungu

Potuluka Misa, apongozi azunguliridwa ndi amayi a mphakati wathu, akuwafotokozera therere lawo latsopano lothira "dzira la Amwenye". Ine ndatchulidwa kamodzi:

"Mpongozi wangayu kuphika ayi, koma zokometsera amadziwa kugula. Ng'ombe imodzi yaoneka ntchito yake."

Imodzi. Chabwino. Chaka chatha zinali zitasowa zonse.

Jira yense ali m'chikwama chawo, akupita ku Nsanje kukatchuka. Ine ndatsala ndi kansalu kopukutira ndi chipsera cha mafuta pamkono. Mawa Adona akandifunsa, ndidzati linatheka Lachisanu, ndipo mboni yanga inkafuna msuzi.

Ndiwo: mazira.