Tsaya Limodzi la a Chinachokakuti

Munthu sunkanena kuti "ndapanga" pamaso pa a Chinachokakuti n'kupita kwanu mwamtendere. Ayi ndithu. Amene mwakhalitsa mumsewu muno mukudziwa. Inu obwera kumene khalani pabenchipo ndikuuzeni, poti makasitomala lero kulibe, ndipo m'thupi monsemu pakamwa pokha ndi pamene pakugwirabe ntchito.

Anali okonza maambulera ndi mazipi. Ankakhala pakhonde la shopu yanga yometerayi, pakampando ka miyendo itatu, kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Dzina lawo lenileni ambiri tinalimvera pamaliro, ena mpaka kufunsana kuti kodi amwalira anthu awiri? Tonse tinkawadziwa ndi funso lawo lija. Chuma chawo chinali chimodzi, chikhulupiriro, ndipo ankayenda nacho ngati munthu amene ali ndi makiyi a nyumba m'thumba. Chimenechi n'chimene chinatsala pang'ono kuwapulumuka sabata yomaliza, ine ndikuona.

Tiyambe ndi mayi ophika buledi a pakona paja. Tsiku lina anabwera ndi chikwama chothyoka zipi, akudzitama.

"Buledi walero ndapanga ndekha, bambo. Mulawe muone."

"Mwapanga ndi chiyani, mayi?"

"Ndi fulawa."

"Fulawayo anachoka kuti?"

"Kusitolo."

"Asanafike kusitolo?"

"Ku tirigu, bambo inu, asa!"

"Tiriguyo anachoka kuti?"

Ankakwera nawe choncho, sitepe ndi sitepe: mbewu, dothi, mvula, mitambo, mpaka ufike pamene ulibe choyankha, kukamwa kuli yasa. Apo ankaika pulayala pansi n'kukweza chala chimodzi.

"Ndiye simunapange, mayi. Mwangosuntha katundu wa Mwini wake. Wopanga ndi mmodzi yekha, amene anayamba popanda fulawa, popanda uvuni, popanda ngakhale khitchini yoti aimemo. Anangolankhula, zinthu n'kukhalapo."

Pamene mayi aja ankabwerera, buledi wachiwiri anali atapserera yense. Anatha mwezi wathunthu akudzera tsidya lina la msewu.

Wina amene anaona zakuda ndi wapolisi. Munthu wina anakadandaula kuti ambulera yake yabedwa, ndiye wapolisi wachinyamata, yunifolomu yosita bwino, anafika pakhonde pano ndi kabuku m'manja. Ananyamula ambulera yakuda pamulu wa maambulera okonzedwa.

"Madala, ambulera iyi inachoka kuti?"

Kalanga ine! Ndinasiya makina ometera n'kutuluka kudzaonerera. Zaka zonsezo palibe amene anawafunsapo funso lawo lomwe. Nkhope inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa nsapato zatsopano.

"Bwana, khalani pansi. Funso mwafunsali ndi lalikulu kuposa onse a ku ofesi kwanu."

Anayamba ndi nsalu, n'kupita ku thonje. Anabwerera ku mawaya, n'kulowa nawo pansi pa nthaka kumene kumachokera chitsulo. Wapolisi ankalemba poyamba. Atafika pa madzi a pamwamba ndi madzi a pansi, anasiya kulemba. Atafika pa mdima umene unali pamwamba pa nyanja yakuya, wapolisi anatseka kabuku, n'kuvula chipewa, n'kupukuta thukuta.

"Madala, ndingofunsa kuti anakupatsani ndani."

"Ndiko ndikupita kumeneko, bwana, musafulumire."

Wapolisi uja anachoka osatsanzika. Ambulera ija ilipo mpaka lero kuseri kwa chitseko changa.

Musaganize kuti a kutchalitchi ankawasiya. Mkulu wa mpingo wina, wa mimba yake ndithu, ankakonda kuwerengera anthu zabwino zake: mabenchi amene anagulira tchalitchi, zaka zimene sanajombepo, mowa umene sanaulawepo. Tsiku lina akudikira ambulera yake anati kumwamba mpando wake ulipo kale, walembedwa dzina.

A Chinachokakuti anatambasula ambulera ija n'kuiyang'anitsa padzuwa, kuwala kukudutsa m'mabowo.

"Iyi ndiika chigamba, chifukwa ine ndine wa zigamba, popanda nsalu sindingachite kanthu. Koma Mulungu si wa zigamba ngati ine, akulu. Safuna kuti mumutengere nsalu. Munthu amapita chimanjamanja, kungomukhulupirira basi, Iye n'kumupanga watsopano monga anapangira dziko."

"Nanga mabenchi anga aja?"

"Anthu akhalepo. Ndiyo ntchito ya benchi."

Tsono ine. Ine sindipemphera, ndipo sindibisa. Bambo anga anali opemphera kwambiri, anafa imfa yowawa, ndipo kuyambira pamenepo ndinati za kumwambazo zikhale kumwamba komweko. Ndiye m'mawa uliwonse, ndikamatsegula zenera, ndinkawaponyera funso langa.

"Achimwene, nanga Mulungu wanuyo anachoka kuti?"

"Iwe wometa, mutu wako uli ndi tsitsi lokha. Akanakhala kuti anachoka kwina, kwinako ndiko kukanakhala Mulungu."

"Ndiye mwathawa funso."

"Ndathawa ine? Kutsutsa galu n'kukumba. Bwera tikumbe!"

Tinkakumba mpaka madzulo, ine mkati, iwo pakhonde, mawu akudutsa pazenera. Kasitomala wina anapempha kuti ndingochepetsa pang'ono m'mbalimu, koma mkangano utafika pa nyenyezi ndinazindikira ndamumeta mpala. A Chinachokakuti anasuzumira pazenera n'kumuuza kuti asadandaule, amene anameretsa tsitsi loyambalo sanapume pantchito. Palibe tsiku limene wina anagonja. Tiyi tinkamwera m'fulasiki imodzi.

Mvula ya chaka chatha itayamba, maambulera anaunjikana pakhonde koma kampando kanali kopanda munthu. Anali kuchipatala, matenda a m'chifuwa. Patapita milungu itatu madokotala anawabweza kunyumba, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake. Ine sindinapite kukawaona. Ndinene zoona, ndinkaopa. Ndinkati mawa, mawa.

Lachitatu lina masana akazi awo anafika pashopu, ataima pakhomo osalowa.

"Alamu, achimwene anu ndevu zakula. Bwerani mukawamete."

"Ali bwanji?"

"Thupi ndiye latha, zimenezo ndavomera. Koma alamu, akuti sakukhulupiriranso. Akuti afufuza mumtima monse, mulibe kanthu. Sakupemphera, sakutsegula Baibulo, akungoyang'ana khoma. Akuti akufa ngati galu, ndipo Mulungu sawalandira chifukwa chimene ankadalira chija chawathawa."

"Abusa abwera?"

"Kanayi. Amawagwira dzanja n'kumati limbani mtima. A kwaya aimba mpaka mawu kusasa. Onse akuwalankhula mofatsa ngati dzira. Munthu ameneyu sanazolowere zofatsa, alamu. Tengani lumo, koma musasiye pakamwa panupo."

Ndinamva zimene ankapempha. Ndinatseka shopu.

Chipinda chinali chaching'ono, bedi, tebulo la mabotolo a mankhwala, zenera lotseka. Munthu amene ankadzaza khonde lonse ndi mawu anali atatsala ngati ambulera yopinda. Sananditembenukire n'komwe. Ndinawakhazika ndi mapilo, ndinawakoleka thaulo, n'kupaka sopo. Ndinameta tsaya lamanja lonse tili chete, kukungomveka lumo. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri sitinakhalepo chete nthawi yaitali choncho.

Kenako ndinati, "Ndamva kuti mwavomera."

Maso awo anali pakhoma pomwepo, ndiye ndinawonjezera.

"Ndamva kuti mwafufuza ndipo mwapeza zimene ndinkakuuzani. Kulibe kanthu. Mukanandimvera kale, si bwenzi mutataya malovu onse aja."

"Meta uzipita," anatero ndi mawu a pansipansi.

Alamu, akazi awo aja, anali pakhomo, atagwira chitseko. Anandigwedezera mutu kuti pitirizani. Ndinapitiriza.

"Musadandaule, achimwene. Mukatseka maso ndiye basi, ngati kuzimitsa getsi. Kulibe wokulandirani, kulibe wokukanani. Mayi a buledi aja ndikawauza kuti buledi uja anapanga okha. Wapolisi uja ndikamuuza kuti munamutayitsa nthawi. Mkulu wa mpingo uja ndiye anali wanzeru, iye bola ali ndi mabenchi. Inu muli ndi chiyani? Tsegulani manja tione."

Ndinaona chala chawo chija chikugwedera pabulangete.

"Mulibe," anatero. "Ndakuuza kuti mulibe kanthu."

"Ndiye nkhani yatha. Popanda kanthu sipachoka kanthu. Ndi zimene ndakhala ndikunena zaka zonsezi, ndipo lero ndapambana."

Anatembenuka. Sopo ali mbuu tsaya limodzi, maso ali psuu.

"Wati chiyani?"

"Ndati popanda kanthu sipachoka kanthu."

"Iwe!" Anatsokomola mpaka ndinaganiza kuti ndawapha. Alamu anathamanga ndi madzi koma anawakankha. "Iwe wometa, mbuli yopanda mankhwala! Zaka zonsezi sunamve? Tsiku loyamba panali chiyani? Ndiyankhe! Panali chiyani?"

"Inu mumati panalibe kanthu."

"Ndiye anadikira kuti wina amubweretsere? Anapempha ngakhale kamchenga kamodzi?"

"Zimenezo n'za dziko. Ine ndikunena za inu."

"N'chimodzimodzi, chitsiru iwe! Ngati muno mulibe kanthu, ndiye kuti..."

Anaima pomwepo, chala chili m'mwamba. Anakhala choncho kanthawi, akuyang'ana chala chawocho ngati n'cha munthu wina. Kenako anaseka. Kunali kuseka koipa, kwa chifuwa chong'ambika, koma kunali kuseka kwawo.

"Ndimayesa chikhulupirirocho ndinapanga ndekha," anatero. "Ha! Ine wa zigamba." Anayang'ana akazi awo. "Mayi, tsegulani zenera, ndipo mundipatse magalasi anga ndi buku lija. Wachikunja uyu atuluke m'nyumba mwanga."

"Ndisanamalize kumeta?"

"Tuluka! Ubwere mawa ndidzakumalize. Lero wandipeza ndilibe mphamvu."

Ndinatuluka ndi lumo lili ndi sopo. Ndili panja ndinamva akuwerenga mokweza, akupumira pakati pa mawu, alamu akulira chapansipansi.

Mawa lake ndinapitadi, cha m'ma eyiti. Ndinapeza anthu pabwalo, mipando itatulutsidwa. Alamu anandigwira mkono n'kundilowetsa kuchipinda.

"Apita kukucha, akupemphera. Koma sangapite chonchi, alamu. Malizani."

Anali atagona chagada, tsaya lamanja losalala, lamanzere ndevu zili nyankhalala. Ndinapaka sopo n'kumeta bwinobwino, pansi pa mphuno, pachibwano, monga ndimachitira aliyense. Ndinapukuta ndi thaulo. Ndinadzipeza ndikudikira kuti anene kanthu. Kenako ndinatsuka lumo n'kubwerera kudzatsegula shopu, chifukwa sindinadziwe kwina kopita.

Sindinalire tsiku limenelo, sindinalire pamaliro, ndipo mpaka pano sindinalire. Si kulimba mtima ayi. Ndi dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, koma lagwira munthu yense. Ndimadya, ndimameta, ndimatseka, ndimagona.

Khonde ndimasesabe. Mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni anapempha malowo, ndinamuuza kuti abwere mwezi wamawa, ndipo miyezi yakwana isanu ndi iwiri. Mvula ikagwa anthu amabisala pamenepo ndi maambulera awo othyoka, amayang'ana uku ndi uku, ikakata amapita. Msewu ndi womwewo, magalimoto ndi omwewo, koma masana kumakhala ngati wina wachepetsa wailesi.

Alamu amabwera nthawi zina kudzandithokoza. Amauza anthu kuti ndinachita sewero lanzeru, kuti ndinanamizira dala kuti ndiwadzutse. Ine ndimangogwedeza mutu. Sindinawauze kuti silinali sewero. Zonse ndinanena m'chipinda muja ndi zimene ndimaganizadi, ndipo ndi mawu omaliza amene mnzanga anamva kuchokera kwa ine. Kungoti tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, ndinkafunitsitsa kuti andigonjetse.

Masiku ano ndimayesako pa makasitomala. Munthu ndikamukoleka nsalu, ndikamupaka sopo, ndimayamba: kulibe kanthu kumwambaku, munthu akafa wafa basi. Ndimanena mokweza, n'kudikira. Ena mwa iwo ndi opemphera ndithu, ndimawaona Lamlungu atanyamula Mabaibulo. Koma munthu amayang'ana lumo lili pakhosi pake, n'kumeza malovu.

"Ee, zoona, bambo," amatero. "Zoona ndithu."