Boti la Alamu Anga

Mpaka lero ndikamva madzi akuti khuvu, ngakhale m'bafa momwe, miyendo yanga imayamba yokha kufuna kumtunda. Nkhani yake anthu a kwathu ku Rutendo anaimva kale, koma aliyense amaikamba mmene akufunira, wina mpaka anaikamo mvuu. Ndiye bola ndiinene ndekha, mwini manyazi.

Ine ndimakonza mafoni ndi mawayilesi pakhonde panga. Alamu anga a Lameck, achimwene a mkazi wanga, amagwira ntchito kumgodi ku Kwekwe, ndipo kuwedza nsomba amakukonda kuposa kupemphera. Iwowa anagula boti loyendetsa ndi rimoti. Musaganize kachidole ka ana ayi, chinthucho n'chachitali ngati chitseko, chonyamula nyambo ndi mbedza kukaponya pakati pa damu. Kumbuyo kwake kuli chiwongolero, ndipo chimene chimakankha chiwongolerocho ndi kamakina kotchedwa sevo. Sevo yoyamba inali yofooka, madzi ankaigonjetsa, ndiye alamu anagula ina yamphamvu n'kubwera nayo kwa ine pamodzi ndi boti.

"Tsano," anatero, kutanthauza mlamu, poti Chichewa chawo chimayenda ndi Chishona pamsana, "sevo iyi imadya moto ngati ng'anjo. Muipatse batire lakelake. Musaiphatikize ndi zinazi, manzwa?"

"Alamu, nthambo ndi ntchito yanga," ndinayankha. "Inu pitani kumgodi."

Batire la sevo anasiyadi. Koma sabata lomwelo apongozi anga aakazi anabwera kudzacheza kuchokera kufamu ya kufupi ndi Gweru, magetsi n'kukhala atazima monga mwa masiku onse. Mkamwini wanzeru sagoneka apongozi mumdima. Ndinatenga batire lija n'kuyatsira kababu m'chipinda chawo. Sevo ndinailumikiza ku kabokosi kolandira malamulo a rimoti, kamene kamangonyambita moto pang'ono kuchokera ku batire la mota ya boti. Patebulo zonse zinkayenda bwino, chiwongolero chikupita uku ndi uku. (Patebulo palibe madzi olimbana ndi chiwongolero. Izi ndinazikumbukira mochedwa.)

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinati ndikaliyese kudamu la kuseri kwathu. Mkazi wanga, mayi a Chikondi, anati apita nawo. Apongozi nawonso anati akufuna kuona chinthu chimene chimalepheretsa mwana wawo kudzawaona. Ndinakweza boti pawilibala, ndili mu suti yanga ya kutchalitchi, tinyamuke.

M'mbali mwa damu tinapeza makorokoza, anyamata osaka golide aja, akutsuka dothi lawo. Mmodzi anandiyang'ana n'kuloza mabango a kutsidya.

"Mdhara, uko musayandikire. Kuli garwe. Mbuzi ya eni ake inathera pompo."

Garwe ndi ng'ona. Ndinaseka kuseka kwa munthu amene alibe cholinga choponda m'madzi.

Boti linanyamuka bwino, ndipo ndikanati ndilekere pomwepo bwenzi lero ndili ndi ulemu wanga. Koma apongozi anali kuyang'ana. Ndinatsegula mota yonse, boti n'kudzutsa mphuno, kenako ndinakhotetsa chiwongolero mwamphamvu kuti aone luso la mkamwini wawo. Apo sevo inameza moto wonse kamodzi, kabokosi kaja kanakomoka, mota n'kuzima. Boti linangoyandama lokha ndi liwiro lomwe linatsala, molunjika kumabango, mpaka linalowa.

Ndinakankha timitengo ta rimoti uku ndi uku ngati wamisala. Kabokosi kakati katsitsimuke, sevo inkalimbana ndi mabango n'kukakomolanso. Thukuta linayamba kutsika mu jekete.

Paja ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso, mawu amadzera mwa mkazi wanga ngakhale tili pamphasa imodzi.

"Afunseni bambo a Chikondi ngati boti la Lameck lili ndi chingwe," anatero apongozi kwa mkazi wanga.

"Auzeni amayi kuti lilibe."

"Hoo. Auzeni kuti Lameck analisiya m'manja mwawo."

Uthengawo ndinaumva. Ndinaika rimoti paudzu. Ndiye panabuka vuto lina: munthu wolowa m'madzi amavula, koma ndani angavule apongozi ali potero? Ndinavula nsapato zokha, n'kulowa ndi suti yonse, taye yomwe. Ndikuuzeninso kuti kusambira sindidziwa, ndinakulira pafupi ndi fakitale ya zitsulo, osati kumtsinje.

Abale, ndinaopa. Sindikunena mantha a mayeso kapena a apolisi a pamsewu, ndikunena mantha ozizira amene amayambira kumapazi. Matope ankayamwa miyendo yanga. Udzu uliwonse wondikhudza pabondo unali dzino. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa, ine ndikupemphera m'Chichewa, mawu atandithera ndinapitiriza m'Chishona kuti mwina kumwamba amva chimodzi mwa ziwirizi. Ndinaganiza za Chikondi kukula wopanda bambo, ndi mmene abusa adzavutikire kufotokoza pamaliro kuti malemu anafera nyambo za nsomba.

Ndiye kumanzere kwanga ndinaona chinthu chakuda chitayandama, chili ndi timabampu tiwiri pamwamba. Ndinauma pomwepo. Boti ndinaliiwala, alamu ndinawaiwala. Ndinangoti maso tong'o pa chinthucho, ndikudziuza kuti ndi chipika, chipika basi, zipika zimakhala ndi mabampu. Kumtunda mayi a Chikondi ankakuwa zinazake, koma sindinamve.

Kenako chinachake chinandigunda pamsana. Gu!

Mfuu imene ndinakuwa sindikhulupirira kuti inatuluka mwa ine, bambo wa ndevu. "Mayo! Maiwe! Yandigwira!" Ndinathamanga m'madzi ofika pachifuwa, ndipo musandifunse kuti zimatheka bwanji. Tsoka lake buluku la suti yanga linalibe lamba, poti mimba ndiyo inkaligwira, koma mantha amaphwetsa mimba. Matumba atadzaza madzi, linatsika lokha n'kundikola m'mawondo. Ndinalipalasa ndi mapazi n'kulisiyira ng'ona kuti iyambe ndi limenelo.

Ndinatulukira kumtunda ndi jekete, taye, masokosi ndi kabudula wam'kati, ndendende pamaso pa apongozi anga.

Kumbuyo kwanga kunkabwera boti, pang'onopang'ono, ngati galu wotsatira mbuye wake. Ndilo linandigunda. Mphepo inali italikankha kuchoka m'mabango, mayi a Chikondi n'kutola rimoti paudzu.

"Ine ndimangoikhudza pang'ono kuti ndikubweretsereni pafupi," anatero. "Ndimakuitanani, inu osatembenuka."

Kukhudza pang'onoko sevo sinkafuna moto wambiri, ndiye kabokosi sikanakomoke. Makorokoza anali atagona pansi ndi phwete, wina akumenya dothi ndi beseni. Apongozi anali atafunda chitenje kumutu konse atayang'ana kumbali, koma mapewa ankagwedezeka. Ine ndinabisala kuseri kwa wilibala n'kuyang'ananso kumadzi. Chipika chija panalibe. Ndinayang'ana uku ndi uku, damu lonse lili zii. Mpaka pano sindinauze munthu kuti chinapita kuti, chifukwa sindikudziwa, ndipo sindifuna kudziwa.

Kunyumba ndinabwerera nditavala chitenje cha mkazi wanga, ndikukankha wilibala pakati pa Rutendo masana dzuwa likuswa mtengo. Madzulo ake ndinabwezera sevo batire lake, apongozi ndinawagulira kandulo.

Tsiku lobwerera kufamu, ataima pakhomo ndi chikwama chawo, anapatsa mayi a Chikondi kaphukusi.

"Apatseni bambo a Chikondi," anatero, maso ali kudenga. "Auzeni kuti ng'ona sindinaione, koma zina zonse ndinaona."

M'kaphukusimo munali lamba. Ndimamuvala tsiku lililonse, ndipo ndimamanga pabowo lomaliza.