Nyimbo ya Abambo Inali Pansi pa Nkhuku

Mukaona zipsera kudzanja langa lamanja musandifunse pagulu. Ana a m'kalasi mwanga ndimawauza kuti ndinakandika ndi waya wa mpanda, koma zoona zake n'zakuti inandijompha ndi nkhuku, ndipo nkhukuyo sinalakwe chilichonse. Nkhaniyi ndiyambire patali pang'ono.

Malemu abambo anga anali mphunzitsi wopuma pantchito, komanso ndiwo ankatsogolera kwaya pa katchalitchi kathu kufupi ndi Mua. Wansembe wina wachizungu pobwerera kwawo anawasiyira kompyuta, zakale zija zotuwa, zokhala ndi chibokosi pansi ndi chikanema pamwamba. Munali pulogalamu yopekera nyimbo. Ukalemba manotsi, makinawo amakuimbira ndi kaliwu konga ka udzudzu. Abambo ankatayipa ndi chala chimodzi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, ndipo ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuyetsemula pafupi.

Akudwala, m'miyezi yawo yomaliza, anapeka nyimbo ina imene sanaphunzitse munthu aliyense. Amayi ankangoimva ali kukhitchini. Abambo atamwalira, achibale anakhala pansi kugawa katundu monga mwa mwambo, ndipo atafika pa kompyuta akuluakulu anaona zinthu zitatu, osati chimodzi. Chikanema chinapita kwa abambo aang'ono ku Mtakataka, poti ndicho chinkaoneka cholemekezeka. Chibokosi chinapita kwa azakhali ku Golomoti. Chotayipira chinatsala kwa amayi kuti azikumbukira zala za amuna awo. (Ine ndinalipo, ndipo ndinagwedeza mutu kuti agawa mwachilungamo.)

Panapita zaka tisanakwanitse kumanga chiliza. Tsiku lake litadziwika, amayi anandiitana pakhonde.

"Nyimbo ija ya abambo anu ndikufuna iimbidwe pa chiliza," anatero. "Ine ndimakumbukira poyambira pokha, kwinako kwandithawa. Ndikapita ine ndiye kuti yapitiratu."

Sanalire, koma mmene ananenera ndinadziwa kuti simenti ndi mwala n'zathu, chimene iwo ankadikira zaka zonsezi ndi nyimboyo.

Ndinaimbira foni mlongo wanga Tadala, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Dedza boma. Iye sanatekeseke.

"Achimwene, makina amenewo sangayakenso, koma zam'kati tikhoza kuzipulumutsa. Ndikopera zonse, kenako laputopu yangayi ndiiuza kuti izidziyesa kompyuta yakaleyo. Pulogalamu ya abambo siidziwa n'komwe kuti yasamuka. Inu mungondibweretsera kompyutayo."

"Zazing'ono zimenezo," ndinayankha.

Ndine mphunzitsi, ndipo mawu oti "sindinamvetse" amandikakamira pakhosi. M'mutu mwanga nkhani inali yowongoka: manotsi a abambo ndinkawaona pagalasi, ndiye angakhale kuti ngati si kuseri kwa galasilo? Komanso chikanemacho chinali ndi chinkhongo chachikulu kumbuyo, malo okwanira nyimbo za chaka chonse. Chibokosi chija ndinkachiyesa chokhazikapo chabe. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinanyamuka ulendo wokadya langa.

Kwa abambo aang'ono ndinapeza chikanema chili pabalaza, chovundikiridwa kansalu koluka, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki. Nyumbayo ilibe magetsi, koma alendo akalowa ankatsitsa mawu. Nditafotokoza chimene ndadzera, abambo aang'onowo anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, katundu wa malemu akagawidwa sabwerera," anatero. "Kapena mukuti ife tinalanda chuma cha masiye?"

Ndinalumbira kuti n'kubwereka chabe. Iwo anati zoterezi sizikambidwa awiri, ndipo anaitanitsa mkulu wina woyandikana naye kuti akhale mboni. Mboniyo inagamula kuti pempho langa n'labwino koma ndalowera pakhomo polakwika, choncho ndipepese ndi tambala. Tambala ndinakamupeza. Pondipatsa chikanemacho abambo aang'ono anandilangiza kuti kansalu ndisachotse, chimadana ndi fumbi.

Ndinakwera nacho minibasi mpaka pa Golomoti. Podikira galimoto yokwera kumtunda, azakhali anandipeza pamsewu akuchokera kuchigayo, tinalonjerana bwinobwino, ndipo ndinawauza kuti ndili paulendo wofunika kwambiri wa banja. (Nyumba yawo inali kuseri kwa mitengo ya mango ndinkaionayo.) Kenako ndinakwera kumbuyo kwa matola, chikanema pamiyendo, n'kuyamba Khwekhwerere. Amene anadutsapo akudziwa mmene msewu umenewu umazungulirira phiri. Galimoto ikakhotera kumanja, chinkhongo chija chinkandifinya mimba. Ikakhotera kumanzere, ndinkagwera pa dengu la nsomba la mayi wina amene anandifunsa ngati chimaonetsa mpira.

"Ayi mayi, muno muli nyimbo," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Tikukazisamutsa."

Anthu anandipatsa ulemu, wina mpaka anandigwirira kansalu kuti kasauluke.

Tadala atanditsegulira chitseko anayang'ana chikanema, kenako anasuzumira kumbuyo kwanga ngati pali wina akubwera.

"Chinacho chili kuti, achimwene?"

"Chinanso chiti?"

Mlongo wanga analeredwa bwino. Anandipatsa mpando, anandipatsa madzi, anapepesa kuti atuluka pang'ono, ndipo anakasekera kuseri kwa nyumba. Vuto n'lakuti zenera linali lotsegula. Atabwerera akupukuta misozi anati:

"Achimwene, ili ndi zenera chabe. Mwazula zenera, nyumba mwaisiya. Zonse zili m'chibokosi chija."

Ndinatsika nacho Khwekhwerere tsiku lomwelo, ndipo ulendo uno sindinauze aliyense kuti muli chiyani. Abambo aang'ono atachilandira anachinyamula, n'kuchigwedeza pang'ono.

"Mwachotsamodi nyimbo zija," anatero. "Ndikumva kuti chapepuka."

Ndinavomera kuti chapepukadi.

Kwa azakhali panalibe za mboni kapena tambala. Anangonditengera kukhitchini n'kundilozera pakona. Chibokosi chinali pomwepo, chogonekedwa chammbali. Chitsulo chake cha m'mbali anachotsa kalekale, ankayanikirapo usipa. M'kati, pakati pa mawaya, munali thadzi lofiira likufungatira mazira, likundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Lakana malo onse, lasankha momwemo," anatero azakhali. "Mudikire liswe."

Kudikira sikukanatheka. Chiliza chinali chitayandikira, ndipo kwaya inafunika nthawi yophunzira. Ndinaimbiranso Tadala, ndipo ulendo uno ndinafunsa mobwerezabwereza mpaka anausa moyo. Anati chibokosi chonse sichikufunika. M'kati muli kabokosi kachitsulo, kukula kwake ngati sopo wochapira, kolumikizidwa ndi lamba wotuwa wophwatalala. Kameneko ndiko kamasunga zonse. Ndikamasule, ndisakagwetse.

Azakhali analola, koma anaika lamulo.

"Thadzilo musaliutse. Likasiya mazira mufungatira ndinu."

Choncho ndinagona chafufumimba paphulusa, nditavala malaya anga oyera a ku sukulu, n'kulowetsa dzanja ndi kampeni pansi pa phiko la nkhuku kufufuza tizomangira. Nkhuku inandichenjeza kaye ndi kulira kwake kwapakhosi kuja, ndiyenera kuvomereza. Kenako inayamba ntchito. Ndikapotoza kampeni, iyo jo. Ndikapotozanso, jo. Azakhali anaima pakhomo akuitonthoza nkhukuyo, osati ine.

"Pepa, mwana wa achimwene ameneyu. Pirira, amaliza."

Anthu oyandikana nawo anayamba kubwera mmodzimmodzi. Pakati pawo panali bambo wina amene mwana wake ndimamuphunzitsa, ndipo anavula chipewa n'kundilonjera mwaulemu wonse ndili chigonere.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu," ndinayankha mutu uli m'kona.

Kabokosi kanatuluka, dzanja likuchucha magazi, ndipo dzira limodzi linaphwanyikira m'manja mwa malaya. Azakhali anayang'ana dziralo, kenako anayang'ana ine. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Loweruka Tadala anatsika ndi laputopu yake kudzatipeza kwa amayi. Anachotsa nthenga ndi zitosi pa kabokosi kaja, n'kukalumikiza ndi chingwe chimene anabwera nacho. Asanayatse anatichenjeza kuti zinthu zakale chonchi nthawi zina zimazungulira kamodzi kokha n'kufa, ndiye akopera zonse kaye asanatsegule chilichonse. Kabokosi kanalira tcheke, tcheke, n'kukhala chete. Apa nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha enieni, chifukwa ndinaganiza za kutentha kwa nkhuku, utsi wa kukhitchini, ndi kampeni kanga kamene kanaterereka kangapo. Nyimbo ikanafera pamenepo ndikanawauza chiyani amayi? Kenako kanayamba kung'ung'uza pansipansi, ndipo Tadala anapuma.

Kukopera kunatenga nthawi, tiyi mpaka anazizira. Atamaliza anachotsa kabokosi n'kukaika pambali, anati ntchito yake yatha. Anatayipatayipa, ndipo pakati pa laputopu yake yatsopano panatseguka kazenera kakuda ka zilembo zoyera. Kenako panalira kaphokoso kaja kamene tinkamva m'mawa uliwonse abambo akayatsa makina awo. Amayi anali kukhitchini, koma anatulukira akupukuta manja m'chitenje popanda wowaitana. Zonse zinali mmene abambo anazisiyira: mtundu wobiriwira uja, dzina lawo pakona, nyimbo zawo zitandandalikana. Laputopu inali ngati mwana wovala jekete la bambo ake, koma jekete linali lomwelo.

Nyimbo yomaliza tinaipeza. Mawu ake anali pansi pa manotsi, oyamba ndi akuti, "Ndikafika kwanu, Ambuye, musandifunse zambiri." Tadala anadina, ndipo kaudzudzu kaja kanayamba kuimba. Amayi anakhala pansi pomwe anaimapo, milomo ikutsatira.

Koma china chake chinkasowa, ngakhale ine ndinamva. Nyimboyo inali yopepuka, yopanda pansi. Tadala anayang'anitsitsa n'kuti mawu atatu alipo, soprano, alito ndi tenala, koma mzere wa besi ndi wopanda kanthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anayamba kudziimba mlandu kuti mwina kukopera kwalakwika. Ine ndinali nditayamba kale kuimba mlandu nkhuku.

"Palibe chawonongeka," anatero amayi. "Besi sankalemba. Ankati besi ndi yawo. Makina akamaimba zinazo, iwo ankaimba yawoyo ndi pakamwa."

Zimene amayi ankamva ali kukhitchini masiku aja zinali makina ndi munthu, ndipo ife tinali titapulumutsa makina okha. Tadala anatseka maso. Ine ndinayang'ana dzanja langa lotupa chifukwa ndinalibe kwina koyang'ana.

Amayi anapempha kuti ibwerezedwe. Ulendo wachiwiri anayamba kung'ung'udza pansi pa kaudzudzu kaja, mawu a amuna awo m'khosi mwa mkazi wokalamba, apa akukumbukira, apa akuyerekeza. Titabwereza kangapo anandiloza.

"Mawu awo munatengera ndinu. Yesani."

Ine kwaya ndinathawa ndili wamng'ono, ndipo abambo sanandithamangire (anali ndi makutu abwino). Koma amayi sakanidwa zinthu ngati zimenezi. Madzulo aliwonse mpaka tsiku la chiliza tinkakhala pakhonde, nyimbo ikulira pa foni imene Tadala anatijambulira, amayi akundikoka ndikakwera, akundikweza ndikamira.

Pa chiliza kwaya inaimba bwino. Azibambo a besi anatsatira ine, zimene sindingalangize kwaya ina iliyonse. Pamzere womaliza, pomwe besi imatsika yokha enawo atagwira mawu, ndinaphonya. Ndinatsika mopitirira, azibambo onse anatsika nane, ndipo tinabwerera mochedwa ngati anthu ochokera kudambo.

Anthu akubalalika, amayi anandigwira dzanja, lomwe lija la zipsera.

"Pamene munaphonya paja," anatero, "abambo anunso ankaphonya pomwepo."

Kaya ankanena zoona kaya ankangonditonthoza, sindikudziwa. Tadala wasunga kompyuta ya abambo m'malo angapo, akuti siingatayikenso, ndipo wandiuza kuti akhoza kulembamo besiyo kuti nyimbo ikwane. Amayi akana. Akuti mzerewo ukhale wopanda kanthu, ndipo ndiziimba ine.