Ba Sanford ndi mota yopepuka

Ba Sanford Chipasha sankakhulupirira chinthu asanachiyeze. Mulungu yekha ndiye anapulumuka, poti alibe pokolekera. M'thumba la jekete lawo munkakhala kasikelo kambedza, kaja kogulira nyemba, ndipo ukawapatsa nkhuku ankayamba aipachika kaye miyendo m'mwamba, kuthokoza pambuyo. Tsiku la ubatizo wa mdzukulu wawo anamukulunga m'chitenje n'kumukoleka pakhomo la tchalitchi, mwana akulira, ba Fada akudikira ndi madzi m'manja.

Ine ndine Derrick, ndimakonza njinga kuseri kwa msika wa Chongwe. Imvi mukuzionazi, theka lake n'za ba Sanford.

Ntchito yawo inali yopititsa Ukaristia kwa odwala. Zaka makumi atatu, Lamlungu lililonse Misa ikatha ku mishoni, ankakwera njinga yawo yakuda kulowera kumidzi ya ku Bundabunda. Panjirapo pali kamtsinje kamene mlatho wake ndi mitengo iwiri basi, ndiye njinga ankaisenza paphewa. Ukangowoloka, chitunda chikukudikira. Mawondo atayamba kukana, ulendo wa maola atatu unasanduka wa tsiku lonse, midzi ina osafikako n'komwe. Ba Fada anawaitana n'kuwauza mwaulemu kuti ikafika Pasaka apume, ntchito apatse ena.

Lolemba lake anatulukira pamalo anga, nkhope ili gwa.

"Derrick, nifuna mota. Ija yamagetsi, yolowa pakati pa wilo."

"Yamphamvu bwanji, ba tate?"

"Nakamba zamphamvu ine? Nifuna yopepuka. Kapena iwe uzayamba kunisenzera pamtsinje?"

Ndinawafotokozera kuti ilipo yaikulu ya wilo lakumbuyo, yolemera ngati mphero, koma imakwera chitunda ngakhale utamanga thumba la chimanga. Ilipo yapakati. Ndiye kalipo kakang'ono ka wilo lakutsogolo, kukula kwake ngati papaya losakhwima, kopepuka koma kopanda chifuwa.

Mwana wawo Purity, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anatumiza zithunzi pafoni yanga, manambala onse ali pompo. Ba Sanford anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Apa akuti makilo awiri. Analemba ni ndani? Unamuona poyeza?"

Purity, mwana wachifundo, anachonderera mwini sitolo mpaka anamubwereka mamota atatu. Anafika nawo Loweruka ataakumbatira pamiyendo mu minibasi. Kuyeza kunayamba m'mawa. Anayeza iliyonse ili ndi waya, anayezanso ilibe waya. Anachotsa manati, n'kuyeza manatiwo paokha. Ina anaiuzira fumbi n'kuibwezanso pambedza, ngati ingasinthe maganizo. Makasitomala anga anabwera n'kubwerera. Dzuwa likupendeka Purity anali atatsamira mulu wa matayala, maso ali lende.

"Atate, sankhani chabe. Mabasi azanisiya."

"Munthu sasankha na njala," anatero iwo, n'kupita kukadya. Purity anabwerera ku Lusaka ndi mamota ake onse atatu.

Sabata yotsatira ba Sanford anaganiza zoyesa ndi miyala yolemera ngati mamota aja. Lachiwiri anamangirira mwala wa makilo awiri kutsogolo kwa njinga, n'kupita kukawoloka mtsinje. Lachitatu wa makilo anayi. Amayi ochapa zovala pamtsinjepo anasiya kuwapatsa moni mokweza, anayamba kuwalankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene mutu wamuthawa. Lachinayi, tsiku la makilo asanu ndi limodzi, anafika pakati pa mlatho, njinga inati uku, iwo uku, onse awiri m'madzi phava! Amayi aja akuti ba Sanford atavuuka sanayang'ane n'komwe bondo lawo lotupa. Anavula jekete, likudontha, n'kulipachika pasikelo.

Anasankha kakang'ono kaja. Purity anakatumiza ndi kondakitala, poti iye anali atakana kubweranso. Masiku awiri ndinaluka masipoko, wilo linatuluka lowongoka bwino. Kenako ndinatulutsa bokosi lachiwiri.

"Ichi n'chani?"

"Batire, ba tate."

"Ya chani?"

"Mota siyenda na mapemphero."

Anaipachika. Makilo atatu. Anaitsitsa, anagwedeza kasikelo, anaipachikanso. Makilo atatu. Anakhala pa kreti yanga, akuyang'ana minibasi zikudutsa pamsewu, mpaka ine ndinayamba kudziona wolakwa.

"Munanibisira," anatero pomaliza. "Iwe na Purity."

Apa ndiye panayamba nkhondo yochotsa. Ndinamasula zotchinga matope. Ndinamasula choimikira. Belu linapita, ati pakamwa palipo. Anafunsa ngati njinga ingayende ndi buleki imodzi, ndinakana mpaka tinakwiyitsana. Lachisanu kunabwera akazi awo, ba Immaculate, manja ali m'chiuno.

"Iwe Derrick, wawadyetsa chani ba tate ako? Mailo ameta ndevu. Lelo akana nsapato, ati ni zolema. Manje ayang'ana Baibo, afuna kusiya Chipangano Chakale kunyumba!"

Ulendo woyamba unali wa Lamlungu la Kanjedza. Ndinawatsatira panjinga yanga, ndikuopa kuti akagwa mlandu ukhala wanga. Pamalo osalala, abale, munthu wamkulu anauluka! Malaya anatupa kumsana, nkhuku zinabalalika, ine thukuta kamukamu kumbuyo. Pamtsinje anasenza n'kuwoloka bwinobwino. Ndiye chitunda. Kamota kanayamba kulira ngati udzudzu, wilo lakutsogolo linapalasa mchenga ngati nkhuku yofuna mphutsi, kenako zii. Tinali tisanafike ndi pakati pomwe.

Ndinakonzeka kulalatiridwa. Iwo anatsika, anagwira kamotako ndi chikhatho, anapeza kakutentha.

"Kalema," anatero motsitsa. "Kasiye kapume. Naine nalema."

Tinakhala pansi pamthunzi, ine, iwo ndi njinga.

"Nikuikileni ikulu ija, ba tate?"

"Iyai. Ikulu ija ingafike pamwamba yeka, ine nikali mumadzi."

Anaimirira n'kukankha. Pamwamba anakweranso, ndipo tsiku limenelo midzi yonse anaimaliza dzuwa likadalipo. Ba Fada atamva sananenenso za Pasaka. Ba Sanford anayenda zaka zina ziwiri: pansi akwera, pachitunda akankha, akukambirana ndi kamota kawo ngati nkhalamba ziwiri zochokera kumaliro. Chondiseketsa ine chinali pobwerera. Abale a odwala ankawamangirira maungu, mtedza, nthawi zina tambala wamoyo, katundu woposa mamota onse atatu kuphatikiza. Kukana sankatha. Ankadutsa pamalo anga Lolemba kudzandiuza kulemera kwa dzungu lililonse, n'kudandaula, Lamlungu linalo n'kulandiranso.

Anamwalira mu Juni chaka chatha, kukuzizira. Chifuwa cha masiku anayi basi. Ba Immaculate akuti m'mawa wake anawapempha kuti awachotsere bulangete, likuwalemera. Iwo anapita kuchipinda china kukasaka lopyapyala. Pobwera nalo anapeza munthu wapita.

Tsopano Ukaristia amapititsa ndi ba Teddy, bambo wodekha wa njinga yamoto. Amazungulira kumlatho wa simenti, ndipo midzi yonse amaimaliza anthu asanadye chamasana. Palibe amadandaula. Pamalo anga ntchito ikuyenda, makasitomala sabwereranso osathandizidwa, koma masana amatalika.

Mwezi watha, Lamlungu, ndinakapereka njinga kwa munthu kutsidya kwa chitunda chija, ndiye ndinalowa kukaona amayi ake, ba Clotilda, amene akhala pamphasa zaka zisanu. Ba Teddy anali atangochoka. Ndinawafunsa ngati akuwasamala bwino.

"Ni wabwino uja," anatero. "Afika, apemphera, ayenda. Koma ba Sanford anali kufika olema kupambana ine wodwala. Nenze kuuka, niwaikile madzi pamoto, niwanyozeko pang'ono. Lomba nilibe choukila."

Anatembenukira kukhoma. Ndinakhalako pang'ono, kenako ndinatsanzika mwana wawo n'kuyamba kutsika chitunda wapansi.