Zikhadabo za Felista

Lolemba
Tabwerako ku chipatala cha mishoni. Chigonekedwere mayi ake m'chipatala chaka chatha, Felista wanga sakhazika mtima pansi. Mayi ake akangozungulira kuseri kwa nkhokwe, iye zala zili kale m'kamwa. Kusukulu timachita kumukoka. Asisitere akhala akucheza naye, ndipo lero andiuza kuti, "Mumuone sabata ino. Ngati palibe kusintha, akagona ku chipatala chachikulu." Mwana woopa kusiyana ndi mayi ake akagone kutali? Mtima wanga wakana. Koma mantha alibe sikelo. Nzeru yandipeza panjira: zikhadabo. Akachita mantha amazidya. Zikakula ndiye kuti akuchira, ndipo asisitere akadzionera okha.

Lachiwiri
Ndikuyeza zikhadabo zake ndi kaudzu m'mawa, masana, madzulo. Cha chala chachikulu chikupatsa chiyembekezo. Zoletsedwa kwa wodwala: kukumba kachewere, kutsuka miphika, kukanda chilichonse. Wodwala mankhwala amenewa awakonda kwambiri. Amake Felista akutsuka okha, mbale zikulira mpaka kumsewu. Akuti, "Ndi mwana uyu, si mbewu ya kudimba."

Lachitatu
Alamu anga akuti ndimupake tsabola ku zala. Ine si munthu wopupuluma, ndayamba ndayesa pa chala changa. Kenako ndaiwala, ndatikita diso. Ndavina pabwalo popanda ng'oma. Felista waseka mpaka kukhala pansi. Kuseka kumeneku ndinakusowa, koma sikuyezeka ndi kaudzu.

Lachinayi
Akandiona akubisa manja kumbuyo. Ndamuitana kuti tiyeze, wandifunsa motsitsa mawu, "Ababa, zikapanda kukula munditumiza?" Ndayankha zosamveka. Madzulo cha chala chachikulu chija chadyedwa. Ndine ndachidyetsa, ndikudziwa, ndipo zikundiwawa. Kaudzu ndakaika m'thumba. Zatsala za zala zina, tidalira zimenezo.

Lachisanu
Tsoka! Lero kusukulu kunali kuona ukhondo. Aphunzitsi afoletsa ana onse, lezala m'manja, ndipo mbewu yanga yonse yawengedwa. Akuti, "Boma likufuna ana aukhondo." Masiku ano munthu sadandaula mokweza, ndangothokoza. Amake akuti m'mawa mwanayu ananyamuka ndi mnzake Rozina, osamukoka. Chabwino, koma asisitere ndikawaonetsa chiyani?

Loweruka
Lore ya chipani yabwera kudzatenga amayi onse, akaphunzire magule ku Chimbiya tsiku lonse. Kukana kulibe. Amake akukwera, ine maso ali pa mwana. Felista wagwira nsalu yawo, walira, kenako waisiya yekha. Waima pamsewu akupuma pang'onopang'ono mpaka fumbi latha. Ndathamangira kukafuna madzi ndi korona kuti tipemphere. Pobwera palibe munthu. Ndamupeza pansi pa mtengo wa pichesi akusewera phada ndi Rozina, akukangana za miyala. Ndasuzumira zala zake: zafumbi, zopanda umboni uliwonse. Dzuwa likupendeka, lore sikuoneka. Ndazungulira nyumba, ndapita kumsewu, ndabwerera, ndapitanso. Amake afika atasasa mawu, wowalandira ndi misozi ndine.

Lamulungu
Kwazizira. Kaudzu ndakataya. Mawa ndikupita kwa asisitere chimanjamanja, ndikangowauza kuti anaseka, anapita kusukulu, anasiya nsalu. Kaya zimenezi zimalembedwa m'mabuku a chipatala, sindikudziwa. Amake atsala kunyumba, miyendo ikuwawa ndi magule, ndipo ku Misa tapita awiri. Felista sanacheuke. Ulaliki uli mkati, ine maganizo ali pa za mawa, ndangomva kadzanja kakundikoka mkono. "Ababa, chotsani chala m'kamwa. Pumani pang'onopang'ono, mmene anandiphunzitsira asisitere." Ndayang'ana manja anga: zikhadabo zonse zatha. Wandigwira dzanja mpaka Misa kutha. Mawa ndikawaonetsa zanga, ndipo ndikawauza kuti wondisamala sangapite kutali.