Mayi Nankhoma ndi Pulogalamu Yanga Yatsopano

Nkhani iyi anzanga a kuntchito analonjeza kuti sadzaiulula, ndipo asunga lonjezo. Amene ndikudziulula ndine ndemwe, chifukwa papita zaka zokwanira kuti ndiziseka, ngakhale makutu amatenthabe ndikaikumbukira.

Masiku amenewo tinali ndi kakampani kathu pa boma la Dowa, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zipangizo za njinga. Tinalipo atatu. Ine ndinali bwana (dzina lokha, poti wosesa ndinalinso ine). A Mbewe anali wojambula, munthu wachikulire amene anayamba ndi burashi ndi penti asanagwire kompyuta. Tamanda ankayankha mafoni ndi kulongosola misonkhano. Tinkagwirira ntchito magulu a alimi, masukulu ndi mipingo: zikwangwani, timapepala tolengeza, mauthenga a pa wailesi, ngakhale kuwakonzera tsiku la chionetsero. Ntchito zonse zinkalembedwa ndi choko pa bolodi lomwe a Mbewe anakhoma pafupi ndi zenera. Ina ikatha, Tamanda ankafufuta ndi kansanza n'kupukutira manja pa chitenje. Fungo la chipinda chija ndimalisowa: penti, fumbi la choko, ndi mbatata zootcha zomwe a Mbewe ankabwera nazo m'nyuzipepala nyengo yachisanu, nkhungu itaphimba mapiri.

Ndiye ndinapita kumaphunziro a masiku awiri ku Lilongwe. Kumeneko bambo wina wa taye anatiuza kuti kampani yopanda pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera ntchito ndi golosale chabe. Ndinabwerako ndikuliyang'ana bolodi lathu ndi diso la manyazi.

"Bolodi latilakwira chiyani?" anafunsa a Mbewe.

"Silikumbutsa munthu. Pulogalamu imakumbutsa."

"Tamanda amatikumbutsa."

"Nanga Tamanda akadwala?"

Tamanda anati chiyambireni ntchito sanadwalepo, koma ndinachita ngati sindinamve.

Sabata yathunthu ndinayesa mapulogalamu atatu. Yoyamba inali yokongola koma inkafuna netiweki nthawi zonse, pamene netiweki ya pathu inkangosuzumira m'mawa n'kusowa mpaka masana. Yachiwiri inali ndi mabatani ochuluka moti a Mbewe atayiona anavula magalasi, nati kuyendetsa ndege iwo sanaphunzire. Yachitatu inandigwira mtima. Ntchito iliyonse inali ndi kakhadi kake, pansi pa kakhadi panali polembapo ndemanga, ndipo netiweki ikasowa inkasunga zonse n'kudzatumiza ikabwera. Koposa zonse, inkalola kuitana kasitomala kuti aziona yekha mmene ntchito yake ikuyendera. Panali tsamba lalitali la Chingerezi lofotokoza zimene woitanidwayo amaona. Ndinalidumpha (munthu wochokera kumaphunziro a ku Lilongwe sataya nthawi ndi malangizo).

Kasitomala wathu wamkulu nthawi imeneyo anali Mayi Nankhoma, mphunzitsi wopuma pantchito, wapampando wa gulu la amayi olima soya ku Kasakula. Tinkawakonzera chionetsero cha m'munda chomwe chinatsala ndi masabata atatu. Magulu ambiri a kumapiri kuja ankatidziwa kudzera mwa iwo. Akanena kuti awa ndi anthu, ntchito inkabwera. Akanena zina, tikanatseka chitseko. Vuto lawo linali limodzi: kusintha maganizo. Chikwangwani chikhale chobiriwira. Ayi, chachikasu. Ayi, chobiriwira ndithu, koma kubiriwira kwa soya osati kwa fodya.

Ndinawaimbira monyadira. "Amayi, ndakuikani m'pulogalamu. Tsopano muziona ntchito yanu muli pakhonde panu."

"Mwachita bwino, bambo," anatero. "Kungoti kwathu netiweki yamphamvu timaipeza pachitunda cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo mawondo anga sakwerako kawirikawiri."

Mawu amenewo anandichotsa mantha onse amene ndinayenera kukhala nawo.

Ndinayamba pang'ono. Kakhadi ka ntchito yawo ndinakatcha "Mayi Sinthani", kuti anzanga aseke. Kenako ndemanga. "Asinthanso mtundu. Aka n'kachinayi." Tsiku lina: "Akufuna chithunzi chawo chikule. Chikakula kuposa apa, soya asowa pokhala." Dzanja litazolowera ndinapitirira: "A Mbewe, musavutike kusintha. Ingowauzani kuti mwasintha, saona kusiyana." Ndipo Lachinayi lina, ndikudya mbatata pampando wanga: "Tamanda, akaimba unene kuti ndapita ku Msakambewa."

Tamanda ankangoyankha kuti "Chabwino". A Mbewe sanalembepo ngakhale kadontho, chifukwa pulogalamuyo sanaitsegulepo n'komwe. Tchimo lonse linali ndi dzina langa pamwamba, pamodzi ndi tsiku ndi ola.

Loweruka lotsatira Mayi Nankhoma anakwera chitunda chija kukalankhula pa vidiyo ndi mwana wawo wa ku Mzuzu. Foni itangogwira netiweki, zonse za masabata awiri zinakhuthuka nthawi imodzi. (Chinthu chomwe ndinaisankhira pulogalamu ija chinagwira ntchito bwino kwambiri.)

Lolemba m'mawa ndinamva njinga yamoto itaima panja. Mayi Nankhoma analowa atavala bulauzi yoyera ndi duku, chikwama m'khwapa. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, kufunsa za kunyumba, n'kukhala pansi. Kenako anatulutsa kope la sukulu ndi magalasi.

"Foni imanditopetsa maso," anatero, "ndiye ndakopera m'kope. Ndiwerenge?"

Anatsegula kopelo. Anayamba.

Anawerenga modekha, ngati akuitana maina m'kalasi. Ndemanga iliyonse, tsiku lake, ola lake. Ndinaona kuti m'kopemo munali mizere yofiira: anakonza malembedwe anga pomwe ndinalakwitsa. Tamanda anayang'ana bolodi lopanda kanthu lija ngati palembedwa nkhani yofunika. Ine ndinkafunafuna poika manja, mpaka ndinagwira sitepula n'kukhala nayo.

"Lachinayi lija, ku Msakambewa munayenda bwanji?"

"Amayi, sindinapite."

"Ndinadziwa. Ndinkamva mukutafuna, Tamanda akulankhula."

Anatembenukira kwa a Mbewe. "Achimwene, inu ndi ine ndife akuluakulu. Mtundu uja munasinthadi, kapena munangonena?"

A Mbewe ananyamuka, n'kutulutsa mapepala anayi m'kabati, n'kuwayala patebulo. Kubiriwira kunayi kosiyana, lililonse ndi tsiku lake kumbuyo.

"Ndinasinthadi, amayi. Ine za m'pulogalamu sindiwerenga."

Mayi Nankhoma anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali. Kenako anatseka kope.

"Ndinabwera kudzatenga ntchito yanga ndikaipereke ku Mponela. Mapepala awa ndi amene akundiletsa." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kusintha ndimasinthadi. Koma mukudziwa chifukwa chake? Gulu lija ndi amayi oposa makumi atatu. Ndikapita ndi pepala, aliyense amaligwira, aliyense ali ndi mawu, ndipo soya ndi wawo. Chithunzi sindinapemphe ine. Iwo anati ogula amakhulupirira nkhope yodziwika. Ine ndimadana nacho chithunzi chija, ndinatuluka ngati ndakwiya."

Ndinapepesa. Ndinapepesa katatu, mawu ake omwewo, chifukwa ena anathawa. Ndinalonjeza kuti ndiwachotsa m'pulogalamu nthawi yomweyo kuti zisawavutitsenso.

"Musandichotse. Ndayamba kuikonda." Anaika kope m'chikwama. "Ndipo dzina lija lisiyeni, silinandipweteke. Nanunso muli nalo lanu. Amayi kumunda amati a Mawamawa. Tikaimba, mawa. Tikafunsa timapepala, mawa. Ena sadziwa n'komwe dzina lanu lenileni."

A Mbewe anatsokomola chifuwa chomwe analibe. Tamanda anatuluka kukatunga madzi, ndowa ili yodzaza.

Kuyambira tsiku limenelo mawondo a Mayi Nankhoma anachira modabwitsa. Ankakwera chitunda chija pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndikatsegula kompyuta ndinkapeza ndemanga yawo ikundidikira: "Timapepala a Mawamawa, mawa lija ndi lero." Pulogalamu ija inayamba kukumbutsadi munthu monga ndinalonjezera, kungoti wokumbutsidwa ndinali ine ndekha. Chionetsero chinayenda bwino. Chikwangwani chinaima m'mphepete mwa munda, chobiriwira ngati soya weniweni, nkhope yokwiya ija ikuyang'ana aliyense wodutsa. Madzulo ake amayi anatipatsa nkhuku yamoyo, tinabwerera nayo pa njinga yamoto ili pamiyendo ya a Mbewe.

Kakampani kaja kanakhala zaka zina zingapo. Lero chipinda chija n'chometera tsitsi. A Mbewe anabwerera kwawo ku Nachisaka, amajambulabe zikwangwani za zigayo akafuna. Tamanda ali ndi ofesi yakeyake m'tauni, ndipo ndinamva kuti malangizo amawerenga mpaka tsamba lomaliza. Tikakumana pamaliro kapena paukwati, timakamba za masiku aja ngati tinali olemera, pamene tinkagawana mbatata imodzi atatu.

Mwezi wathawu ndinadutsa pamsika wa Kasakula ndi mkazi wanga, tikufuna nyemba. Ndinangomva mawu kumbuyo: "A Mawamawa, mwatitaya." Anali iwo, akalamba, ndodo m'manja, koma maso omwe aja. Tinacheza nthawi yaitali, anafunsa za a Mbewe, anatiwonjezera nyemba za ulere. Tili m'njira mkazi wanga anafunsa tanthauzo la dzinalo, ndipo ine, wosaphunzira, ndinamufotokozera zonse.

Anamvetsera mpaka tinawoloka mlatho. Kenako anati, "Chitseko cha bafa chija munati mukonza liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, n'kutsekanso.