Msomali wa neti ya mwana

Pali tsiku limene ndinaima panja pa nyumba yanga nditavala kabudula wong'ambika, mwala uli m'manja, maneba a laini yonse ya nyumba zathu akundiyang'ana. Chinandiika pamenepo ndi msomali.

Tinali titangosamukira m'nyumba za boma pa Ntcheu, zija zogundizana khoma, zoti mnzako akayetsemula umamva uli kwako. Ine zocheza ndi maneba sindinkazifuna (ndinkati bwana sapempha mchere). Koma mayi akunyumba, omwe anali oyembekezera mwezi wothera, anali atapangana kale ndi a Nangozo a khomo linalo kuti matenda akayamba angomenya khoma. Ine sanandiuze.

Loweruka lina masana, mayi atapita kumsika, ndinati ndikhome msomali wa neti ya mwana. Nyundo ndinalibe, ndinatola mwala. Kho! Kho! Kho!

Chitseko chinatseguka popanda odi. A Nangozo, beseni ndi zitenje kukhwapa, pambuyo pawo amayi ena, wina manja ali thovu lokhalokha.

"Abambo, tulukani! Izi si za amuna!"

"Pepani, inetu ndimangofuna..."

"Mufunanso chiyani? Zanu munachita kale!"

Anandikankhira panja. Kumeneko ndinapeza azibambo akulimbana ndi galimoto ya neba wathu a Maseko, yomwe siilira popanda kukankha. Wina anali ataimbira kale apongozi ku Tsangano, ndipo akuti iwo anali atakwera kale njinga yamoto kubwera kuno.

Kenako mayi anatulukira pakona, kathumba ka kachewere pamutu, akukukuta chimanga chootcha. Galimoto nayo ndi pomwe inalira.

Anthu anaseka mpaka misozi (apongozi anafika madzulo, nangondiyang'ana, m'mawa n'kubwerera). Koma mayi sanaseke. Titalowa m'nyumba anati, "Tsiku lenilenilo ndikadzamenya khoma, adzati ndi misomali yanu. Ndidzatani ine?" Apo manyazi anga anasanduka mantha, chifukwa ntchito yanga imandiyendetsa kumidzi.

Tsikulo linafikadi ine ndili ku Kasinje, foni yopanda netiweki. Mayi akuti anangopapasa khomalo ndi chikhatho, mphamvu zitatha. Anabwera onse momwe muja, popanda wofunsa ngati ndi msomali, ndipo galimoto anaikankha mumvula mpaka inalira. Ndinafika kuchipatala mwana wamkazi atabadwa kale, a Nangozo ali pambali pa bedi akudyetsa mayi phala.

Anthu awa ndinawagonjera. Ndinayamba kuwathokoza. A Nangozo anangondisunthira mpando.

"Khalani pansi, a Msomali, munyamule mwana wanu."

Dzinalo linakhazikika laini yonse, ndipo akandiitana ndimavomera.